Kalata kwa Bwenzi: Modemu ndi Chingwe cha Commodore 64

Wokondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi apabanja kumeneko ku Toronto. Kuno tonse tili bwino. Ndalandira uthenga wanu woti mwapeza kompyuta yakale ya Commodore 64 ndipo mukufuna modemu (chipangizo cholumikiza kompyuta ndi makompyuta ena kudzera pa telefoni) yotsika mtengo. Musanatulutse ndalama, yambani mwatembenuza makinawo ndi kuyang'ana kumbuyo kwake, chifukwa chimene chingakudyereni ndalama ndi chingwe, osati modemu.

Polumikizira modemu pa kompyuta imeneyi, potchedwa user port, si RS-232 yeniyeni (RS-232 ndi muyezo wa kalumikizidwe ka makompyuta ndi zipangizo monga modemu). Magetsi ake sapitirira mavoti 5, pamene modemu za RS-232, monga Hayes Smartmodem imene inatuluka mu 1981, zimatulutsa mavoti ofika cha m'ma 12, ena mwa iwo a negativu. Mukalumikiza ziwirizi mwachindunji, kachipangizo ka CIA 6526 kamene kali m'kati mwa kompyutayo kakhoza kupsa, ndipo kameneka anasiya kukapanga kalekale. Choncho modemu yotere, ngakhale mutaipeza pamtengo wolira, idzafuna adaputala monga VIC-1011A ndiponso chingwe cha DB-25, ndipo mukaphatikiza mitengo yonseyo mudzaona kuti kutchipa kuja kwathera panjira. Ngati mungasankhebe njira imeneyi, chingwecho chikhale cholunjika, osati cha null modem chimene mawaya ake a nambala 2 ndi 3 anawapingasa. Kunja zimaoneka zofanana, koma chopingasacho ntchito yake ndi kulumikiza makompyuta awiri.

Ine ndikadakhala inu ndikadafunafuna modemu ya Commodore 1670. Imalowa yokha pa user port popanda adaputala, imamva malamulo a AT (mawu amene kompyuta imagwiritsa ntchito polamula modemu), liwiro lake ndi 1200 baud, ndipo chingwe chimene imafuna ndi cha telefoni wamba basi. Modemu za Commodore 1650 ndi 1660 liwiro lake ndi 300 baud, kutanthauza zilembo pafupifupi 30 pa sekondi, moti munthu amawerenga mawu akamatuluka pang'onopang'ono pa sikirini. VICMODEM ya mu 1982 ndiye sindikukulimbikitsani konse, pakuti imafuna kuti muimbe nambala ndi dzanja, mumvetsere kulira kwa modemu ya tsidya linalo, kenaka muzule chingwe cha chomvera cha telefoni ndi kuchilowetsa mu modemu.

Polumikiza, kompyuta izikhala yozimitsa, ndipo muzionetsetsa mbali yoyang'ana kumwamba, chifukwa pa user port palinso magetsi a mavoti 9 amene amaononga zinthu cholumikizira chikalowa chozondoka.

Mundiuzenso ngati m'nyumba mwanumo muli telefoni ya waya yakale ija. Matelefoni odzera pa intaneti kawirikawiri amasokoneza kulira kwa modemu, ndipo ngati yanu ili yotero, ndi bwino kugula modemu ya WiFi yopangidwira user port yomweyo. A bungwe la TPUG, la anthu okonda makompyuta a Commodore, limene lili komweko ku Toronto, angakuthandizeni kuyesa chipangizo musanachigule.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ine bwenzi lanu.