Lipoti la msonkhano wa alimi ndi alangizi a USDA

Wapampando ndi mamembala nonse,

Monga munandituma, ndinakakhala nawo pa msonkhano umene ofesi ya USDA (unduna wa zaulimi wa dziko la America) ya m'county (dera) yathu inaitanira alimi, ndipo pano ndikukutulirani zimene ndinamva. Olankhula anachokera ku nthambi ziwiri zomwe zimagwirira ntchito m'nyumba imodzi. Nthambi ya NRCS imaona za kusamalira nthaka ndi madzi, pamene ya FSA imasunga kaundula wa minda, imabwereketsa ndalama, ndiponso imathandiza mlimi mbewu zikaonongeka.

Nkhani imene ndikufuna tiigwiritse ndi yakuti palibe thandizo la ndalama limene tingalandire tisanalembetse minda yathu ku FSA ndi kupatsidwa nambala ya munda. Kulembetsako n'kwaulere, koma pamafunika chiphaso ndi chikalata chosonyeza kuti mundawo ndi wanu kapena munaubwereka. Apa ndi pamene ambiri a ife tidzapunthwe, chifukwa timalima pa malo alendi amene tinangogwirizana pakamwa ndi eni ake. Pulogalamu ya EQIP, yothandiza alimi kuteteza nthaka ndi madzi, yomwe ndi imene ikutiyenera kwambiri, imafuna kuti mlimi akhale ndi ulamuliro pa mundawo kwa nthawi yonse ya mgwirizano wake ndi boma. Mlimi wina wachikulire amene tinakhala moyandikana anabwera ndi chikwama cha mapepala, mapu a munda wake ali pamwamba, ndipo msonkhano utatha iye anakhala pansi ndi mlangizi n'kuyamba kudzaza mafomu, ine ndikungolemba mafunso m'kope.

EQIP inayamba mu 1996, ndipo imabwezera mlimi gawo la ndalama zimene wagwiritsa ntchito poteteza nthaka ndi madzi, monga kubzala mbewu zophimba nthaka, kukonza kathiriridwe, kapena kumanga nyumba ya pulasitiki yolimamo ndiwo zamasamba yomwe amaitcha high tunnel. Mawu akuti "imabwezera" tiwamvetse bwino. Mlimi amayamba wagwira ntchitoyo, alangizi n'kudzaona ngati yatsata muyeso wawo, kenako ndalama zimatuluka. Amene wayamba ntchito mgwirizano usanasainidwe sayembekezere kulipidwa, choncho mamembala amene akuganiza zogula high tunnel posachedwa ayambe adikira. Ndiwonjezere kuti m'nyumba imeneyi mbewu ziyenera kubzalidwa m'nthaka ya pamalopo, osati m'miphika. Mwayi wathu ndi wakuti amene sanakwanitse zaka 10 akuyendetsa ulimi amawerengedwa ngati alimi oyamba kumene, ndipo iwowa amalandira gawo lokulirapo, komanso angapemphe theka la ndalamazo ntchito isanayambe, bola azigwiritse ntchito pasanathe masiku 90. Mafomu amalandiridwa chaka chonse, koma amasanjidwa mopikisana, kotero kuti kulemba fomu sikutanthauza kuti mwasankhidwa.

Za pulogalamu ya CRP, yomwe inakhazikitsidwa mu 1985, sindichulukitsa gaga m'diwa. Boma limalipira mlimi chaka ndi chaka kuti agoneke munda wokokoloka msanga kwa zaka 10 mpaka 15, ataubzala udzu kapena mitengo. Kwa ife olima timinda tating'ono ta eni ake, ndikuona kuti imeneyi siikutikhudza.

Imene inandikopa ndi NAP, yothandiza pa mbewu zimene zilibe inshuwalansi, monga ndiwo zambiri zamasamba. Pa mlingo wake woyambira imapereka chipukuta misozi ngati chilala, matalala kapena madzi osefukira aononga kupitirira theka la zokolola, ndipo alimi oyamba kumene salipira ndalama yolembetsera. Chovuta chake ndi nthawi: pa mbewu zokolola ndi manja, ofesi ya FSA iyenera kudziwitsidwa pasanathe maola 72 mlimi ataona kuonongekako. FSA ilinso ndi ngongole zing'onozing'ono zofika madola 50,000, koma zimayang'ana ngati munthu ndi nzika kapena ali ndi chilolezo choyenera chokhalira m'dziko muno, choncho aliyense akafunse payekha.

Ndikupempha komiti isankhe anthu awiri oti akakumane ndi eni minda mwezi uno, kuti mapangano athu alembedwe ndi kusainidwa, otchula zaka. Zikatheka zimenezo tidzaitane mlangizi wa NRCS adzayendere minda yathu, zomwe amachita kwaulere. Mafomu amene ndinatenga ndabwera nawo, ndipo ndiwasiya kwa mlembi.