Nyanja ya Malawi ya Matabwa

Likhubula, Mulanje

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi makolo ako kumeneko ku Luchenza. Kuno tonse tili bwino, ngakhale kuti chiperoni chatizinga masiku atatu ndipo phiri silikuoneka n'komwe. M'katoni imene amalume ako akubweretsera muli mapu a nyanja ya Malawi amene ndakupangira ndi matabwa, ndipo ndikufuna kuti uwawerenge ndi chala chako, osati ndi maso okha.

Ndinatenga matabwa opyapyala asanu ndi atatu, ndinawacheka limodzilimodzi potsatira mizere yosonyeza kuya kwa madzi, kenako ndinawasanjikiza ndi kuwamata ndi guluu. Thabwa lapamwamba, limene ndasiya osapaka penti, ndilo mtunda. Lililonse la matabwa a pansi pake likuimira mamita 100 a madzi, ndipo penti yake ikunka nida pamene ukutsikira pansi. M'mafakitale amadula mapu otere ndi makina a kuwala kotentha, koma ine ndinagwiritsa ntchito kasowo kanga kakale, chifukwa ndinkafuna kuti dzanja langa lidutse pa gombe lililonse.

Yambira kumunsi, ku Mangochi, kumene mtsinje wa Shire umatulukira. Chala chako chidzatsika sitepe imodzi yokha, pakuti kumeneko nyanja si yakuya kwambiri, ndipo n'kumene asodzi amapha chambo. Madzi otuluka pamenepo ndi amene amapopedwa pa Walker's Ferry kuti anthu a ku Blantyre amwe, ndiponso ndi amene amazungulitsa makina a magetsi ku Nkula. Pita chakumpoto pang'onopang'ono, udutse Cape Maclear ndi Senga Bay kumene anthu amakasambira ndi kupuma pamchenga, upeze zilumba za Likoma ndi Chizumulu, zimene ndazimata ngati timiyala tiwiri.

Ukapitirira Nkhata Bay uime kaye. Pamenepo masitepe athinana kwambiri pafupi ndi gombe la kumadzulo, ndipo chala chako chidzagwera m'dzenje lakuda limene linanditengera masiku ambiri kuti ndilicheke bwino. Pamalo amenewo nyanja ndi yakuya pafupifupi mamita 700, kotero kuti pansi pake ndi potsika kuposa pamwamba pa madzi a nyanja yamchere ya ku Beira. Iwe unazolowera kukweza maso poyang'ana phiri lathu, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, koma dziko lathu lilinso ndi chigwa chachikulu chobisika, chimene anthu okwera sitima ya Ilala amadutsa pamwamba pake osachiona. Kunsi kwenikweniko kulibe nsomba, popeza madzi ake alibe mpweya umene nsomba zimapuma.

Pali chinthu chimodzi chimene matabwa sanena zoona. M'nyanja yeniyeni mulibe masitepe oti munthu n'kupondapo, ndipo pamalo ena mchenga umatha mwadzidzidzi. Choncho tsiku limene tidzapite kunyanja udzasambira pamene madzi akukulekeza m'chiuno, dzanja lako lili m'dzanja langa.

Mapuwa uwapachike pakhoma losadontha, kutali ndi moto ndi dzuwa, kuti matabwa asapindike. Uwerenge masitepe a dzenje lakuya lija, ndipo udzandiuze kuti wapeza angati ukadzabwera pa tchuthi.

Ndine agogo ako okukonda.