Kalata yotseguka kwa Nduna ya za Maphunziro: buku la Sociology lilembedwenso kuti likhale lathu

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mphunzitsi wa Sociology, phunziro la momwe anthu amakhalira pamodzi, ndipo ndimalandira ophunzira a chaka choyamba pa koleji ina m'dziko muno. Ndakulemberani pa nkhani ya buku limodzi. Pempho langa ndi loti unduna wanu upeze ndalama zoti aphunzitsi a m'mayunivesite athu akhale pansi, alikonzenso bukuli kuti lizikamba za anthu a kuno.

Buku lake ndi Introduction to Sociology, lofalitsidwa ndi OpenStax, bungwe losafuna phindu la pa Rice University mumzinda wa Houston ku America. Linatuluka koyamba mu 2012, lachiwiri mu 2015, lachitatu mu 2021. Aliyense akhoza kulitenga pa intaneti osalipira kalikonse. Ndimaphunzitsira limeneli chifukwa mabuku akuluakulu a ku Britain, monga a Giddens kapena a Haralambos, amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo mwana amene makolo ake anagulitsa soya kuti apeze fizi sangawafike. Ku laibulale amakhalako owerengeka, akalekale, ndipo mayeso akayandikira amachita kulimbirana. Ili laulereli mwana amaliika mu foni, n'kumawerenga ali mu minibasi.

Ndi buku labwino, ndipo ndikufuna zimenezi zimveke ndisanayambe kudandaula. Lili ndi mitu 21, kuyambira pa chiyambi cha phunziroli ndi njira zofufuzira mpaka pa banja, chipembedzo, maphunziro, ntchito, umoyo ndi kusintha kwa chikhalidwe. Chingerezi chake n'chosavuta, choti mwana wongochoka kumene ku Folomu 4 amachitsatira. Mutu uliwonse umatha ndi matanthauzo a mawu ovuta komanso mafunso odziyesa. Chomwe ndimalikondera kwambiri n'choti pa nkhani iliyonse limabwereza kuiunika m'njira zitatu: ya omwe amafunsa kuti chinthu chikugwira ntchito yanji pakati pa anthu, ya omwe amafunsa kuti akupindula ndani ndipo akuponderezedwa ndani, ndi ya omwe amayang'ana matanthauzo amene anthu amapatsana akamakumana maso ndi maso. Pofika kumapeto kwa temu, wophunzira amakhala atazolowera kuti nkhani imodzi siiona mbali imodzi. Amakhala atakumananso ndi Émile Durkheim, amene mu 1897 anaonetsa kuti ngakhale kudzipha, chinthu chooneka ngati cha mumtima mwa munthu mmodzi, chimachuluka kapena kuchepa malinga ndi momwe anthu amangirirana pamalo. Amakumana ndi C. Wright Mills, amene mu 1959 anaphunzitsa kusiyanitsa vuto la munthu payekha ndi vuto la dziko. Zimenezi n'zofunika kwa mwana wa ku Ntcheu monga momwe zilili kwa wa ku Texas, ndipo sindikupempha kuti zichotsedwe.

Vuto lili pa zitsanzo, ndipo mu Sociology zitsanzo ndiye phunziro lenilenilo. Bukuli analembera ana a ku America, ndipo eni ake sabisa. Mutu wa 9 dzina lake lenileni umanena za kusiyana kwa olemera ndi osauka ku United States. Mutu wa okalamba umakamba za nyumba zosungira nkhalamba ndi penshoni ya boma la kumeneko. Lili ngati jekete la pa kaunjika: nsalu yake ndi yolimba, koma anayezera thupi la wina, ndiye pafunika telala.

Taonani mutu wa banja. Penapake umafotokoza kuti pali mitundu ina ya anthu imene imawerengera mtundu kuchokera kwa mayi, ndipo mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi. Zitsanzo zomwe umapereka ndi a Crow ndi a Cherokee a ku America, ndi a Minangkabau a ku Sumatra. Nkhani yonse imathera m'ndime zochepa, ngati chachilendo cha kutali. Tsono amene akuwerenga ndimeyo m'kalasi mwanga ndi mwana wa mkamwini. Anakulira pamudzi pa agogo ake akuchikazi ku Dedza kapena ku Mulanje, fizi yake anakaipempha kwa atsibweni, ndipo akudziwa bwino kuti bambo ake atamwalira munda sunagwedezeke chifukwa sunali wawo. Pambali pake pakhala mnzake wa ku Mzimba kapena ku Nsanje, kwawo amalowola, ndipo ana ndi a kuchimuna. Anthu awiriwa ali pa benchi imodzi, m'dziko limodzi, pansi pa malamulo amodzi a maukwati ndi a malo. Kwa mphunzitsi wa Sociology, palibe chuma choposa chimenechi. Koma buku lawo silidziwa chikamwini, chitengwa, ankhoswe kapena mwinimbumba, ndiye nawonso amaganiza kuti zimenezi si za m'kalasi.

Ndimaziona polemba mayeso. Ndikafunsa za kusiyana kwa olemera ndi osauka, mapepala ambiri amabwera ndi magulu atatu a anthu a ku America, apamwamba, apakati ndi apansi, oloweza bwinobwino. Ndi ochepa amene amatchula ganyu. Komatu ganyu ndiye pamene kusiyanako kumaonekera poyera kumudzi: mu Januwale, nthawi yopalira ndi kubandira, wosowa chakudya amasiya munda wake n'kukalima wa mnzake kuti apeze chigoba cha ufa, wakewo n'kumera udzu, chaka chamawa n'kukololanso zochepa. Karl Marx, amene analemba za kulimbana kwa olemera ndi antchito, akanapeza zonena pamenepo, Durkheim nayenso akanafunsa ngati ganyu si njira ina yomwe mudzi umagwirizirana pa njala. Mwana amazidziwa zonsezi ndi maso ake, mwina analimapo yekha ganyuyo, koma sakhulupirira kuti mphunzitsi angamupatse malikisi akazilemba. Chimodzimodzi katapila, banki m'khonde, kabaza, matenanti a m'maesiteti a fodya. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo pafupifupi 84 pa 100 aliwonse amakhala kumudzi. Buku lomwe moyo wake wonse ndi wa m'tauni ndi wa pamalipiro a pamwezi likusiya kunja anthu ochuluka chotero.

Dziko ngati lathu limalowa makamaka pa mutu wa kusiyana kwa mayiko, pamene lili m'gulu la osauka a m'mphepete. Si bodza. Koma mwana akawerenga mitu yambirimbiri momwe anthu a kwina ali ndi mabanja, mipingo, ndale ndi mikangano yawo, kenako kwawo n'kukuona kamodzi kokha ngati chiwerengero cha umphawi, amaphunzirapo china chomwe wolemba sanafune kuphunzitsa.

A Nduna, chomwe chimandiwawa n'choti zolemba za anthu a kuno zilipo, ndipo zina mwa izo zinathandiza kuumba phunziro lomweli. Bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, lomwe linayamba ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero), linatulutsa kafukufuku amene anawerengedwa m'mayunivesite a dziko lonse. J. Clyde Mitchell analemba za mudzi wa Ayao kum'mwera kwa Nyasaland mu 1956, ndipo chaka chomwecho analemba za gule wa kalela ku migodi ya Copperbelt, kuonetsa momwe mtundu wa munthu umasinthira tanthauzo akafika m'tauni. Margaret Read analemba za Angoni. Jaap van Velsen anakhala pakati pa Atonga a ku Nkhata Bay, buku lake n'kutuluka mu 1964. Max Marwick anafufuza za milandu ya ufiti pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, ndipo anaona kuti anthu amatchulana ufiti kwambiri pachibale, pamene pali mkangano wa udindo ndi chuma. Awa anali azungu a nthawi ya atsamunda, ndipo ayenera kuwerengedwa ndi diso lofunsa. Kufunsako nakonso ndi phunziro labwino kwa wa chaka choyamba. Pambuyo pawo pabwera athu. Kings Phiri analemba mu 1983 za momwe banja la Achewa lasinthira kuyambira m'zaka za m'ma 1800. Centre for Social Research ku Zomba yakhala ikufufuza kwa zaka zoposa 40. Ofesi ya National Statistical Office, ku Zomba komweko, ili ndi ziwerengero za mabanja, ntchito ndi umoyo zomwe zikanalowa m'malo mwa matchati a ku America.

Ngakhale mutu wa njira zofufuzira ukanapindula. Kuyambira mu 1998 pali kafukufuku amene wakhala akutsatira mabanja omwewo ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Mbali ina ya ntchitoyo inali yopempha anthu a m'midzi momwemo kuti azilemba m'makope zomwe amva anzawo akukamba za Edzi pa chitsime, pamaliro, pa bawo kapena m'basi. Zomwe anthu ankanena paokha zinkasiyana ndi zomwe ankayankha wofunsa wonyamula fomu. Palibe chitsanzo chabwino kuposa ichi chophunzitsira mwana kuti yankho limadalira amene akufunsa, ndipo chinachitikira kwathu konkuno.

Nanga mutu wa ntchito ungalembedwe bwanji kuno osatchula thangata, kapena amuna omwe ankapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka ndege inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuimitsa kulemba anthu? Ulendo wa ku Joni wa anyamata a ku Mangochi ndi Mzimba lero uli ndi mizu kumeneko. Mutu wa maphunziro uli ndi 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ndipo ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, makalasi n'kusefukira mpaka pansi pa mitengo. Mutu wa okalamba uli ndi agogo olera ana amasiye, Mtukula Pakhomo amene anayambira ku Mchinji mu 2006, ndi nkhalamba zomwe zikuphedwa poganiziridwa ufiti.

Kukonza kumeneku n'kololedwa. Bukuli linatulutsidwa ndi laisensi ya Creative Commons, yolola wina aliyense kulisintha ndi kuligawa bola atchule eni ake. Anthu a ku Canada anachita kale. Ngakhale ali oyandikana ndi America ndipo amalankhula chinenero chimodzi, anaona kuti zitsanzozo si zawo, ndipo William Little anatsogolera kukonza la ku Canada lomwe linatuluka mu 2014 kudzera ku BCcampus, ntchito yothandizidwa ndi boma la chigawo cha British Columbia. Ngati mwana wa ku Vancouver anafunika buku lakelake, kuli bwanji wa ku Chitipa?

Mwina mufunsa kuti bwanji aphunzitsife osangolemba tokha. Ena timayesa, timagawa timapepala ta zitsanzo za kuno, koma timathera m'kalasi imodzi. Mphunzitsi wa ku yunivesite amakwezedwa makamaka ndi nkhani zomwe wasindikiza m'majenale a akatswiri, osati ndi buku la ana a chaka choyamba, ndipo makalasi ndi odzaza moti nthawi yolemba imasowa. Popanda ndalama zomumasula kwa temu imodzi kapena ziwiri, ntchitoyi siichitika. N'chifukwa chake ndabwera kwa inu osati kwa mkulu wa dipatimenti.

Ndikupempha kuti unduna, mogwirizana ndi National Council for Higher Education, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, usonkhanitse aphunzitsi a Sociology a m'mayunivesite a boma ndi omwe si a boma, ochokera zigawo zonse, kuti buku lisadzakhale la Achewa okha monga lino lilili la Amereka okha. Agawane mitu, asunge maziko a phunziroli, asinthe zitsanzo ndi ziwerengero, ndipo ntchitoyo iwerengedwe pokweza anthu pantchito. Likatha likhale laulere pa intaneti, logawidwa mutu ndi mutu kuti lisamadye bandulo, ndipo ena asindikizidwe pa pepala lotchipa kuti afike m'malaibulale ndi m'makoleji a aphunzitsi. Kumapeto kwa mutu uliwonse kukhale chidule m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, popeza ambiri mwa anawa akadzayamba ntchito adzalankhula ndi anthu m'zinenero zimenezi.

Ana amene ndikuwaphunzitsa lero ndi omwe mawa adzakhale alangizi a zachitukuko, maofisala osamalira anthu m'maboma, apolisi a ku ofesi yothandiza ozunzidwa ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Adzakhala pa bwalo pamene mayi wamasiye akulandidwa munda, adzalemba mayina a oyenera kulandira thandizo, adzayesa kuletsa ukwati wa mtsikana wa zaka 15 pogwiritsa ntchito lamulo lomwe linakweza msinkhu wokwatiwa kufika pa 18. Pamenepo adzafunika kudziwa kuti m'mudzi umenewo mawu omaliza ali ndi bambo kapena ndi malume. Ndikupempha kuti ndalama za ntchitoyi zilowe mu bajeti ya unduna wanu ya chaka chikubwerachi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Sociology