Kaphiri ka Arderin musakaderere

Akonzi,

Ndiloleni ndichenjezeko anzanga amene tikukhala kuno ku Ireland, makamaka amene ayamba kukonda zokwera mapiri Loweruka. Mwezi watha ndinakakwera Arderin, m'mapiri a Slieve Bloom, ndipo potsika nsapato imodzi inali m'manja.

Kutalika kwake ndi mamita 527 basi, kungoposa pang'ono theka la Carrauntoohil, phiri lalitali kuposa onse muno. Komabe maboma awiri, Laois ndi Offaly, alibe malo ena okwera kuposa pamenepa, ndipo malire awo adutsa pansonga pomwepo. Eni dziko amati Ard Éireann, kutanthauza pokwera pa Ireland. Dzina lalikulu chonchi, koma ukafika umangopeza kamulu ka miyala ndi mphepo yobaya m'makutu.

Galimoto tinaisiya pa Glendine Gap, mpata umene msewu umadutsa pakati pa mapiriwo. Kuchoka apo si patali, n'chifukwa chake ndinanyozera majombo n'kuvala nsapato zothamangira. Kalanga ine! Phiri lonse lafunda dambo. Pansi pake pali dothi lakuda bii la zomera zowola, lija eni ake amaumitsa n'kumasonkhera moto, ndipo limasunga madzi ngati siponji. Pamene pamera ndere zobiriwira mokongola m'pamene pali msampha. Ndinapondapo mwendo n'kulowa mpaka m'bondo, pouzula nsapato inatsalira. Ndinachita kuifukula ndi dzanja, madzi ake ozizira ngati a mufiriji.

Bambo wina wachikulire amene anatipeza anaseka kaye, kenako anandilangiza kuti ndiziponda pa tizitsamba touma tija ta heather, chifukwa mizu yake imagwira nthaka. Anadandaulanso kuti anthu pothawa matope amalambalala m'mbali, ndiye kanjira kamangokulirakulira. Dothi limeneli limawonjezeka pafupifupi milimita imodzi pachaka, choncho pamene ndinafukulapo ine pakhala pachilonda mpaka adzukulu anga adzakule. Zinandichititsa manyazi kuposa sokosi yonyowayo.

Nkhungu nayo imagwa mosalawira. Pamwambapo palibe mtengo kapena thanthwe loti n'kuzindikirira njira, mbali zonse n'zofanana, ndiye tengani mapu ndi kampasi, foni yokha musaidalire.

Amene mukufuna kupita, valani majombo kapena nsapato zosalowa madzi, ndipo musiye sokosi zina zouma m'galimoto. Ine ndibwererako mu Meyi, matope akachepako.

Wowerenga wanu,
Portlaoise, Ireland