Lipoti la msonkhano wa za ma router ndi OpenWrt

A Tcheyamani, a komiti ndi anzanga nonse a m'gulu lathu la okonza mafoni ndi makompyuta, ndabwerako ku Lilongwe komwe munandituma. Malisiti ndi ndalama yotsala ndapereka kale kwa a Msungichuma, ndiye pano ndifotokoze za ntchito yokha.

Nkhani yonse inali pa OpenWrt, pulogalamu yaulere ya Linux yomwe imalowetsedwa mu router m'malo mwa ija ya ku fakitale. Inayamba mu 2004, kampani ya Linksys itatulutsa poyera code ya router yake ya WRT54G, poti inali yomangidwa pa Linux ndipo chilolezo cha Linux, chotchedwa GPL, sichilola kubisa code. Mu 2016 ena mwa opanga OpenWrt anapatuka n'kuyambitsa yawo yotchedwa LEDE, koma mu 2018 anabwererana. DD-WRT ndi FreshTomato, mapulogalamu ena a ma router ofanana nayo, anangowatchula, sitinawakhudze.

Kwa ife ndalama ili pa dandaulo lomwe timalimva tsiku ndi tsiku pa shopu: "bandulo yanga yatha msanga, kaya andibera." Mu OpenWrt mukaikamo kapulogalamu kotchedwa nlbwmon, mumaona foni iliyonse ndi laputopu iliyonse ya pakhomopo, ndi data yomwe yadya. Tonse m'chipindamo tinalumikiza mafoni athu pa router imodzi, ndipo posakhalitsa foni ya mkulu wina inali pamwamba pa mndandanda, chonsecho inali m'thumba. Inkadzitsitsira yokha ma update. Anthu anaseka, koma ine ndinaona kuti kasitomala mukamuonetsa tsamba limenelo, mkangano wa pakhomo watha.

China ndi SQM. Wina akamatumiza vidiyo yaikulu, kuyimbirana pa WhatsApp kwa ena onse kumaduka-duka, chifukwa data yonse yaima pa mzere umodzi. SQM imagawa mpata kuti zinthu zing'onozing'ono zizidutsa msanga, ngati mmene wa kabaza amadutsira pakati pa malole. Mumailembera liwiro locheperako pang'ono poyerekeza ndi lomwe intaneti yanu imafika. Apa ndinafunsa za 4G, poti liwiro lake limasintha m'mawa ndi madzulo, ndipo otiphunzitsa anavomera kuti pamenepo SQM imavuta kuichuna. Tisamalonjeze makasitomala zambiri pa mbali imeneyi. Anationetsanso kutsegula Wi-Fi yachiwiri ya alendo kapena ochita lendi, yosafika ku makompyuta a mwini nyumba, komanso mwan3, yomwe imasamutsa nyumba yonse kupita pa laini yachiwiri yoyamba ikafa, mwachitsanzo kwa amene ali ndi TNM ndi Airtel.

Tsopano mbali yowawa. Ma router ambiri omwe ali m'makomo mwa anthu athu sangalandire OpenWrt. Ma MiFi ndi ma router a SIM ogulidwa ku makampani a mafoni, ochuluka salola. Njira yake n'kuwasiya azikoka intaneti monga kale, n'kulumikizako router ya OpenWrt ndi kebulo ngati ali ndi polowetsa. Nawonso ma TP-Link TL-WR841N akale aja, a flash (mosungira pulogalamu) ya 4 MB ndi RAM (memori yogwirira ntchito) ya 32 MB, anasiyidwa pambuyo pa OpenWrt 19.07. Masiku ano amalangiza flash ya 16 MB ndi RAM ya 128 MB kupita m'tsogolo. Archer C7 ndi imodzi mwa yomwe imayenda bwino, pomwe ma router a chip ya Broadcom nthawi zambiri Wi-Fi yake imavuta. Ndipo dzina lokha silikwanira. Tembenuzani router, muwerenge pa sitika ya pansi ngati ndi v2 kapena v5, chifukwa fayilo ya OpenWrt ya mtundu wina ikhoza kuipha.

Magetsi akathima mkati molowetsa pulogalamuyi, router imatha kufa. Zina zimadzuka kudzera pa TFTP, njira yotumizira fayilo ku router pa kebulo, zina mpaka kuzitsegula. Choncho ntchito imeneyi izichitikira pa UPS kapena pa inverter basi. Mukamaliza musadabwe kuona Wi-Fi kulibe: OpenWrt imayamba Wi-Fi ili yozimitsa. Lumikizani kebulo, tsegulani 192.168.1.1, mulowe pa LuCI, tsamba loyendetsera router, ndipo choyambirira ikani pasiwedi ya root, akaunti yaikulu, poti imabwera yopanda. Kasitomala amve tisanayambe kuti waranti yake ikhoza kuthera pomwepo.

Ena ku msonkhanoko ankati tiyambe kulengeza ntchitoyi mawa lomwe. Ine sindikugwirizana nazo, a Tcheyamani. Pempho langa n'lakuti titape m'thumba la gulu tigule router imodzi yogwirika kale, ya mtundu woyenera, aliyense aphunzirirepo kulowetsa pulogalamu ndi kuidzutsa ikafa, tisanagwire ya munthu. A komiti akavomera, ndidzabwera ndi laputopu ndi makebulo pa mkumano wathu wotsatira, koma wina abweretse UPS chifukwa batire la yanga latha mphamvu.