Kwa mwana wanga ku Mangochi, za malungo

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ndi akamwini anga ndi kamwamuna kanga kaja. Kuno tadzuka, mvula ikugwa mosalekeza.

Mawu ako a pa foni paja sanandigonetse tulo. Unati mwana watentha thupi, wamupatsa panado ndipo uona mawa. Panado amangoziziritsa thupi, tizilombo ta malungo timapitirizabe kudya magazi. Mwana wosakwana zaka zisanu alibe mawa wodikira. Amasewera m'mawa, madzulo n'kuyamba kukomoka, maso kutembenuka, anthu n'kumati wamulodza. Pamene akuthamangira kwa sing'anga, malungo amakhala atakwera kale ku bongo. A bungwe loona za umoyo la WHO amati matendawa amapha anthu pafupifupi 600,000 pa chaka padziko lonse, ambiri mwa iwo ana aang'ono a muno mu Africa. Ndipo iwe ukukhala kunyanja, kumene udzudzu sudziwa chilimwe.

Thupi likatentha, tsiku lomwelo pita naye kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo. Amangomubaya pachala, kadontho kamodzi ka magazi, pakangopita mphindi zochepa zotsatira zatuluka. Akamupeza nawo n'kukupatsa LA, amwe kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, atadya kapena atayamwa. Tsiku lachiwiri adzayamba kuthamanga pabwalo, ndipo mtima udzakuuza kuti usunge otsalawo podzadwalanso. Usayerekeze. Ife tinakulira chloroquine, wowawa uja woyabwitsa thupi usiku wonse, mpaka anasiya kugwira ntchito. Mu 1993 boma linasinthira ku Fansidar, nayenso anafooka, ndiye mu 2007 kunabwera LA. Tizilomboti timazolowera mankhwala, ndipo kusiyira panjira kumatithandiza kutero. Ukaona akusanza chilichonse, akukana kudya, kapena zikhatho zayera mbee, usadikire kuti kuche, ngakhale kabaza akhale wodula bwanji.

Za neti ndilankhula mosabisa. Ndinaona ndekha ulendo uja kuti kwanuko maneti ambiri ali kumadzi akukokera tinsomba, ena atchingira mbewu kudimba. Ena amati neti imatentha, ena amati imabweretsa nsikidzi, ndipo abambo ena amanamizira kuti imafoola kuchipinda. Zonama zokhazokha! Udzudzu wa malungo umaluma usiku anthu ali mtulo. Upisire netiyo pansi pa mphasa, ikang'ambika usoke.

Popeza wandinong'oneza kuti uli ndi pakati, yamba sikelo msanga. Fansidar amene amapereka kumeneko ndi wokuteteza ku malungo, umwe pamaso pa anamwino, usakamutaye kuseri. Malungo a mayi woyembekezera nthawi zina samveka n'komwe, koma amamaliza magazi, mwana n'kubadwa wonyentchera. Katemera wa malungo wa ana anayambira m'dziko lathu lomwe lino mu 2019, Ghana ndi Kenya n'kutsatira, ndipo Mangochi ndi limodzi mwa maboma oyamba. Amabaya kanayi. Taona m'buku la kusikelo ngati mnyamatayo analandira wachinayi, chifukwa ndi amene amayi ambiri amamuiwala mwana akayamba kuyenda. Katemerayo amachepetsa matenda aakulu, koma salowa m'malo mwa neti.

Undiimbire ukangochoka kuchipatala, undiuze zomwe apeza. Upereke moni kwa apongozi ako.

Ndine mayi ako.