Kalata yochokera ku Area 36

Aise,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Ine ndilipo, kungoti dzuwa la Okutobala lino latiwotcha zedi, malata akumalira masana ngati akuthyoka ndipo usiku ukatsegula windo kuti kalowe kamphepo ndiye kuti waitana udzudzu. Voice note yako ija ndinaimvera katatu, makamaka paja unafunsa kuti kodi iwe ukamangoti bho bho tsiku lililonse ndiye kuti zilidi bho? Ndinangokutumizira ka emoji chifukwa ndinali mu minibasi, koma funso lija landikhala pamtima sabata yonse. Ndiye lero Lamulungu ndabwera kutchalitchi, ndachapa, zovala zili pachingwe, ndati ndikhale pansi ndikuuze bwinobwino mmene ndikukhalira, usamangomva za bho.

Ndinasamuka ku Kawale kuja, lendi inakwera kawiri chaka chimodzi. Pano ndili ku 36, chakumtunda kwa msika wa Wakawaka, kachipinda kamodzi ndi kabalaza. Pa ploti pathu pali makomo sikisi, mpope umodzi, bafa ziwiri. Miyezi ino yotentha masana mpopewo umangotulutsa mphepo, madzi amabwera usiku anthu atagona, ndiye pali amayi ena a khomo loyamba, amagulitsa zitumbuwa, iwowo tulo tawo ndi tochepa, akangomva mpope wayamba kutsokomola amagogoda khomo lililonse, "achimwene dzukani madzi abwera." Umatuluka ndi zigubu m'maso muli tulo, 2 koloko usiku, aliyense ali chete pamzere, kumangomveka madzi akugwera mu ndowa. Poyamba zinkandiwawa, pano ndinazolowera, ndipo tsiku lomwe amayiwo anapita kumaliro ku Mitundu ploti yonse tinadzuka opanda dontho.

Ntchito ndi yomwe ija ya ku Kanengo, ndimalemba katundu wolowa ndi wotuluka mu warehouse. Kuchoka ku 36 kukafika kumeneko ndiye kuti wadula tauni yonse kuchokera kummwera mpaka kumpoto, maminibasi awiri kupita, awiri pobwera. Ndimatuluka m'nyumba isanakwane hafu faifi. Yoyamba imanditula m'tauni, ndikatero ndimathamangira ya ku Kanengo, ndipo ukudziwa mmene zimakhalira, anyamata oitanira kukukoka malaya uyu uku uyu uku, kulowa mkati kupeza anthu atatu mwa omwe akhalawo si okwera ayi angokhalamo kuti izioneka ngati yatsala pang'ono kudzadza. Anayianayi pampando, wina wanyamula ndowa ya tomato pamiyendo, kondakitala theka la thupi lili panja. Mafuta akasowa m'ma filling station mtengo umasintha pompo, womwe unalipira m'mawa si womwe ulipire madzulo, ndipo masiku ena ndayendapo wapansi kuchokera ku depoti mpaka kunyumba chifukwa ndalama yomwe ndinasunga ya pobwerera sinakwane.

Tauniyi koma yasintha aise, iwe unachoka 2019 sudzaizindikira. Pa Area 18 paja pali interchange, magalimoto ena akudutsa pamwamba ena pansi, msewu wa Kenyatta anaukuza mpaka ma lane sikisi ngakhale mitengo ija tinkapumira mthunzi tikuyenda kukasiya ma CV ku City Centre anaidula. Ndikamadutsa pamenepo ndimakukumbukira, nsapato zako zija zinkalowa fumbi pansi, envelopu ya khaki m'manja. Ku Kanengo nyengo ya fodya ikafika cha mu Epulo malole amandandalika mumsewu kudikira kulowa ku okushoni, fungo la fodya limakulowa mpaka m'malaya, ndipo alimi amagona pansi pa malole awo omwewo. Ndikawaona ndimaona bambo anga malemu.

Masana timadya kwa amayi ena kuseri kwa mpanda wa kampani, nsima ya nyemba, ya bonya, Lachisanu pamakhala mang'ina. Ali ndi kope lawo lomwe amatilemba, timalipira mwezi ukatha. Kope limenelo ndi lomwe limasunga anthu ambiri ovala mataye ku Kanengo kuno, usanamizidwe.

Tsopano nkhani ya ndalama, yomwe ndimaizemba ukandifunsa. Salale imalowa cha pa 25, foni imalira ka meseji, mtima umagunda kamphindi kochepa basi. Isanafike n'komwe m'manja mwanga a msonkho atengapo PAYE, penshoni 5 peresenti yapita. Yotsalayo ndimaigawa nditakhala pa bedi ndi cholembera: alandilodi, mayunitsi a magetsi, bilu ya madzi yomwe timagawana pa ploti, thumba la makala, thiransipoti ya mwezi wonse yomwe ndimaiika mu envelopu payokha kuti ndisaikhudze, kope la amayi a nsima aja, fizi ya mchemwali wanga yemwe pano ali Fomu 3, ndi ya amayi kumudzi pa Airtel Money. Pofika pa 5 ndimakhala ndatsala ndi dzina lokha loti ndimagwira ntchito. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu m'mashopu zinakwera sabata yomweyo, sopo, shuga, mafuta ophikira, koma malipiro anakwera mochedwa komanso pang'ono, mpaka lero sitinawapezenso mitengo ija. K5,000 ija inatuluka 2022 iwe kulibe, poyamba munthu ukaigwira unkamva kuti wanyamula ndalama, pano ukangoiphwanya pamsika yatha, umabwerera ndi kajumbo kamodzi.

Izi zokha sizikanandilembetsa kalata, aliyense m'tauni muno akulira chimodzimodzi. Chomwe ndikufuna umve ndi cha mwezi watha.

Amayi anaimba Lachiwiri madzulo, ndili pamzere wa minibasi. Ukuwadziwa amayi anga, sapempha mwachindunji, anayamba ndi za nkhuku zomwe zafa ndi chitopa, za mwana wa a neba yemwe wakwatiwa, kenako ndiye anati "mizere ndatha kuunga mwanawe, kwangotsala kuti mvula itipeze tili ndi kanthu kothira." Fetereza. Sabata yomweyo mchemwali wanga anali atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi yotsalira, kuntchito kunali pepala la chipepeso mnzathu atataya bambo ake, Loweruka kunali ukwati wa mwana wa kwaya yathu komwe sungapite manja lende pa perekaniperekani. Ndinawayankha amayi kuti musadandaule ndikonza, mawu ali bwinobwino, koma nditadula foni miyendo inachita ngati si yanga. Mu akaunti munali ndalama yosakwana ngakhale theka la thumba limodzi.

Usiku umenewo magetsi anali atathima, ndinakhala mumdima osayatsa ngakhale kandulo, kuwerengera ndi kuwerengeranso ngati kuti manambala asintha. Ndinaganiza zogulitsa foni. Ndinaganiza zokuimbira iwe koma ndikudziwa kuti nawenso uli ndi ako akukuyang'ana. M'mawa mwake ndinafika mpaka pakhomo pa mkulu wina wa katapila yemwe amakongoza anyamata ambiri akuntchito kwathu, amakulanda khadi la ku banki ndi PIN yomwe, mwezi ukatha amayamba kutapa ndi iyeyo iwe n'kumalandira zotsala. Ndawaona anzanga atalowa mmenemo chaka chathunthu osatulukamo. Ndinaima pageti pake mwina mphindi faifi, galu akuuwa mkati, kenako ndinabwerera.

Kuntchito tili ndi chipereganyu, anthu teni, mwezi uliwonse timasonkha n'kupatsa mmodzi. Ine dzina langa linagwera Disembala. Mwezi wathawo unali wa abambo ena oyendetsa forklift, munthu wachikulire wa ana asanu, wosalankhulalankhula, amabwera panjinga yakapalasa kuchokera ku Mgona tsiku lililonse. Sindinawauze kanthu ine, koma pa nsima anaona kuti ndikungotsina osadya, anandifunsa, ndiye zinangotuluka zokha. Anamvetsera mpaka kumapeto, anasamba m'manja, kenako anati "mphwanga, munda sudikira Disembala, tenga mwezi wanga uno ine ndidzatenga wako." Ndinakana, ndinati nanga inu bambo, malata aja munkanena? Anangoti denga ladontha zaka zitatu, lidonthe kaye mpaka Khirisimasi. Aise ndinalowa mu toilet ya kuntchito n'kulira, sindikubisira. Munthu woti sitili pachibale, kwawo ndi ku Karonga, malipiro ake ndi ochepa kuposa anga.

Ndinalipira fizi, ndinagula thumba limodzi la fetereza wokulitsa, wobereketsa ndidzaona mu Disembala ngakhale sindikudziwa kuti ndidzaona bwanji poti mwezi umenewo ndinaupereka kale. Thumbalo ndinalikweza pa lole ya anyamata a kwathu omwe amabweretsa kabichi ndi kachewere ku Wakawaka, pobwerera anakalitsitsa pa Lizulu, malume anakalitenga pa njinga. Amayi ataimba ankangoti Ambuye akudalitse, Ambuye akudalitse, ndipo kumbuyo ndinkamva akuuza anthu kuti latumizidwa ndi mwana wanga wa ku Kanengo uja. Ndinasangalala, zoona ndinasangalala, koma nthawi yomweyo ndinachita mantha, chifukwa kumudzi akamati wa ku Kanengo amaona munthu wokhala pa ofesi ya fani ndalama zikungobwera, sadziwa za zigubu za 2 koloko usiku, ndipo ine sindifuna adziwe. Ndi zomwe zimandilemera kwambiri izi, kuposa njala ya pa 15. Aliyense amene ndimamukonda ndimamuonetsa nkhope yoti zili bwino, mpaka ndinayamba kukuonetsa ndi iwe yemwe, munthu woti tinkagawana chigumu chimodzi pa break.

Sikuti zonse ndi zowawa ayi. Loweruka m'mawa ndimakonda kutsikira ku Wakawaka malole akungofika kumene, mbatata ya ku Tsangano ikadali ndi dothi lofiira la kwathu, azimayi akutsitsana mitengo m'kalankhulidwe ka ku Ntcheu komwe, ndimangoima pamenepo kumvetsera ngakhale ndikugula tomato wa mulu umodzi. Ndikapeza kochepa ndimapita ku Tsoka kukasankha malaya a kaunjika, ukachapa n'kusita palibe angadziwe. Ndinayambanso sukulu ya accounting ya ICAM, makalasi ndi Loweruka masana, ndimawerenga usiku ndi tochi ya foni magetsi akapita, mapepala awiri ndinakhoza kale. Maule ako atabwera kudzasewera ndi Silver pa Bingu Stadium ndinapita ndekha, ndinakhala mbali ya anthu ako ofiira ngakhale ndine wa Manoma, kungofuna kumva phokoso lomwe ukanapanga ukanakhalapo. Madzulo ambiri ana a pa ploti amabwera pakhomo panga ndi homuweki ya masamu, amanditchula kuti ankolo, ndipo tsiku lomwe ndachedwa amayi a zitumbuwa aja amandisungira ziwiri m'kambale.

Za zomwe unanena zoti unditumizire ya basi ndibwere kumeneko, ndaziganizira kwambiri, usaone ngati ndapeputsa. Ndikudziwa kuti rand ukaisintha kuno imaoneka yambiri. Koma panopa sindibwera aise. Amayi BP ikuwavuta, ikakwera usiku ndimatha kukwera basi m'mawa n'kufika kwathu dzuwa lisanafike pamutu, ndili ku Joni ndingamangomva pafoni. Mchemwali wanga watsala ndi chaka ndi miyezi kuti alembe MSCE, ndipo ndikufuna ndimalize mapepala angawa. Komanso abambo a forklift aja ndili nawo ngongole ya Disembala, ndikufuna ndidzawapatse m'manja ndekha, ndipo tsiku lokhoma malatawo ndinawauza kale kuti ndidzabwera kudzathandiza kukweza.

Tsopano ndikubwezere funso lako. Iwenso ukamanditumizira zithunzi utavala jekete pa Park Station n'kulemba kuti sharp sharp, zilidi sharp? Mumagona angati m'chipinda chija? Za mapepala zinatha bwanji, ukuyendabe mocheuka? Undiuze zoona ngati mmene ndakuuzira inemu, sindikauza munthu.

Nditapita kumudzi mu Ogasiti ndinakawaona amayi ako. Anandizungulitsa nyumba yonse kundionetsa malata ndi simenti zomwe unatumizira ndalama pa Mukuru, ananditengera nkhuku, anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango uja. Titatsala awiri anasiya kuseka, anandigwira dzanja n'kufunsa motsitsa mawu kuti "kodi mnzakoyu kumeneko amadya?" Ndinawauza kuti amadya mayi, wanenepa. Ndiye undiyankhe msanga, chifukwa pa Khirisimasi ndikupitanso ndipo ndikudziwa kuti akandifunsanso.

Ndine mnzako yemwe uja,
wa ku 36